Makina a ku CERN aja amagwira bwanji ntchito? Tilowe pansi pa nthaka tikaone mawaya ake

Loweruka lapitali tinali m'minibasi kuchokera ku Lizulu kubwerera pa Dedza, matumba a kachewere ali pamiyendo, mlamu wanga amene amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo pa boma pano anandipatsira foni yake. "Alamu, inu munaphunzitsako sayansi ku sekondale, taonani izi, n'zoona zimenezi?" Inali vidiyo ya pa WhatsApp yonena kuti ku Switzerland kuli chimakina pansi pa nthaka chotsegula khomo la kudziko lina, ati akachiyatsa ngakhale mvula imasokonekera. Mayi ena kumbuyo anati nawonso anaiona pa gulupu ya kwaya ndipo sanagone bwino usiku umenewo. Ndinayamba kufotokoza koma phokoso la injini ndi kondakitala zinandiposa, tinadutsa pa mphambano ya ku Bembeke ndisanafike n'pakati pomwe. Nde ndati ndilembe bwinobwino, chifukwa chimakinacho chilipodi, koma zimene zimachitika mkati mwake munthu ngati mlamu wangayu, wodziwa waya ndi joini, angazimve msanga kuposa mmene akuganizira.

Kodi chinthucho n'chiyani?

Pa Chingerezi amati particle accelerator, ife tingoti makina othamangitsa tizidutswa. Tizidutswa take ndi tomwe timapanga chinthu chilichonse, mwala, madzi, nsima, thupi lanulo. Mutati mudule njere ya mchere, n'kudulanso, n'kudulanso osaleka, mungafike pa atomu, ndipo mkati mwa atomu muli tina tochepa kuposa apo, elekitironi kunja, pulotoni ndi nyutironi pakati. Pulotoni ndi elekitironi zili ndi magetsi mwachibadwa, choncho magetsi amatha kuzikankha ndipo maginito amatha kuzikhotetsa. Nkhani yonse yagona pamenepa basi, kukankha ndi kukhotetsa.

Ndipo si zachilendo kwenikweni. TV zakale zija zokhala ndi chimimba kumbuyo zinkathamangitsa maelekitironi kuchokera kumbuyoko n'kuwamenyetsa pagalasi kuti chithunzi chioneke. Makina a X-ray a kuchipatala amachitanso chimodzimodzi, amathamangitsa maelekitironi n'kuwamenyetsa pa chitsulo. Padziko lonse makina a mtundu umenewu alipo opitirira 30,000, ambiri ali m'zipatala ndi m'mafakitale. Oyamba ozungulira anawapanga Ernest Lawrence ku Berkeley ku America cha m'ma 1931, ndipo anali ochepa moti ankakwana pachikhatho.

A mu vidiyo aja ndi aakulu kuposa onse, dzina lake Large Hadron Collider, mwachidule LHC. Eni ake ndi CERN, bungwe la kafukufuku lomwe mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa mu 1954 pafupi ndi mzinda wa Geneva. Ndi ngalande yozungulira ngati mphete, makilomita 27, ili pansi pa nthaka mamita pafupifupi 100, ndipo imadutsa malire a France ndi Switzerland monga mmene msewu wa M1 umachitira pa Lizulu paja, mbali ino Malawi mbali inayo Mozambique. Wapansi mungaizungulire maola asanu ndi theka, n'chifukwa chake amisiri akalowamo amayenda pa njinga zakapalasa. Pulotoni imazungulira mphete yomweyo ka 11,245 pa sekondi imodzi.

Cholinga chake? Kuombanitsa mapulotoni awiri maso ndi maso pa liwiro loopsalo n'kuona zotulukamo. Ndi mmene pa 4 July 2012 analengezera kuti apeza kachidutswa kotchedwa Higgs boson, komwe Peter Higgs ndi anzake ananeneratu mu 1964 kuti kayenera kukhalapo.

Ulendo umayambira m'botolo

Ambiri amadabwa akamva kuti zonsezi zimayambira pa botolo la mpweya wa hayidirojeni, losasiyana kwenikweni ndi mabotolo a gasi owotcherera aja. Hayidirojeni ndi atomu yosavuta kuposa onse, pulotoni imodzi ndi elekitironi imodzi basi, nde ndi pomwe amatapa mapulotoni.

Sangangowaponya mu mphete yaikulu ija ayi. Thiraki yodzaza simenti siyamba ndi giya faifi pokwera mtunda. Amayambira m'makina owongoka otchedwa Linac4, otalika mamita 86, kenako mphete yaing'ono yotchedwa Booster, kenako Proton Synchrotron ya mamita 628 yomwe inayamba ntchito mu 1959 ndipo mpaka lero ikugwirabe, kenako Super Proton Synchrotron ya makilomita pafupifupi 7 ya mu 1976, ndiye pomaliza LHC. Ine chimandikhudza ndi cha 1959 chija, makina a msinkhu wa agogo athu koma amisiri akuwasamalabe, kusintha zotha, kukonza zofooka, chifukwa akangoima amenewo chimphona cha makilomita 27 chija chilibe chakudya.

Kukankha kwake kuli ngati katungwe. Mwana ali pa katungwe simumukankha nthawi iliyonse, mumadikira afike pamalo ake, mukaphonya nthawi mumamubweza m'malo momupititsa. Pa mphete ija pali malo amodzi okha okankhira, pali zitini zazikulu za chitsulo zisanu ndi zitatu pa njira iliyonse, mkati mwake magetsi amatembenuka uku ndi uku ka 400 miliyoni pa sekondi, ndipo pulotoni ikamadutsa iyenera kupeza magetsiwo akuloza kutsogolo. Chifukwa cha ichi mapulotoni sayenda ngati madzi a mumpope, amayenda m'timagulu, timagulu toposa 2,000 njira iliyonse ndipo kagulu kalikonse kali ndi mapulotoni opitirira 100 biliyoni. Mzere wonse wa timaguluti akatswiri amautcha beam. Mizere ndi iwiri, wina ukuzungulira chakumanja wina chakumanzere, imakumana pa malo anayi okha pomwe pali zojambulira zikuluzikulu, ATLAS, CMS, ALICE ndi LHCb.

Maginito ndi kuzizira kosaneneka

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni. Chinthu chothamanga chimafuna kupita molunjika, amene anaponyapo mwala ndi gulaye akudziwa, mukangosiya chingwe mwala uja wapita. Chingwe cha pulotoni ndi maginito. Okhotetsa alipo 1,232, amodzi kutalika mamita 15, kulemera matani pafupifupi 35, ndiye kuti maginito amodzi okha ndi katundu wa thiraki yathunthu. Palinso ena 392 omwe ntchito yawo ndi kupanikiza mzere uja kuti usabalalike, chifukwa mapulotoni onse ali ndi magetsi ofanana nde amakankhana okhaokha, zili ngati kuyendetsa ng'ombe mu kanjira kopapatiza pakati pa minda, mbusa wina kumanzere wina kumanja. Pofika pa malo oombanirana mzerewo amakhala aupanikiza mpaka kuonda kuposa tsitsi la munthu.

Maginito amenewa si a chitsulo chomata pa fuliji ayi, ndi a waya wokulungidwa, mphamvu yake imabwera magetsi akamadutsa. Ndinamufunsa mlamu kuti powotcherera geti amaika maampu angati, anati cha m'ma 100 kutengera ndi ndodo yake. Mu waya wa LHC mumadutsa maampu opitirira 11,000, ndiye kuti makina owotcherera oposa 100 pakamodzi, mu kawaya kophwatalala ka mamilimita 15 m'lifupi. Waya wamba wa kopa angasungunuke pompo. Mukudziwa mmene waya wa hotipuleti amafiirira, ndi chifukwa choti waya aliyense amalimbana ndi magetsi odutsamo ndipo kulimbanako kumasanduka kutentha. Koma pali zitsulo zina zomwe zikazizira kwambiri kulimbanako kumatheratu, magetsi amangodutsa osatenthetsa n'pang'ono pomwe. Khalidwe limeneli amalitcha superconductivity, analitulukira Heike Kamerlingh Onnes ku Leiden mu 1911. Waya wa LHC ndi wa zitsulo ziwiri zosakaniza, niobium ndi titanium.

Kuzizira kwake ndiye ndi nkhani ina. Ife a ku Dedza timadzitama kuti timadziwa chisanu, June ndi July m'mawa zala kuuma, madzi a m'ndowa osakhudzika, koma nthawi zambiri timakhala tikadali pamwamba pa ziro. Maginitowa amakhala pa madigiri 271 kunsi kwa ziro, kuzizira kuposa mlengalenga kutali kopanda dzuwa. Amayamba kuziziritsa ndi nayitirojeni wamadzimadzi matani pafupifupi 10,000, kenako heliyamu, mpweya womwe uja amapopera mabaluni ouluka, ataufinya n'kuuziziritsa mpaka kusanduka madzi, matani oposa 100. Zimatenga masabata angapo. Ndipo chitsulo chikazizira chimafupika, eti, monga malata amalirira usiku akamazizira. Mphete ija anaigawa zigawo zisanu ndi zitatu ndipo chigawo chilichonse chikazizira chimafupika mamita pafupifupi 10. Choncho polumikizira paliponse anaikapo paipi ya makwinya ngati akodiyoni yotha kutamuka, apo ayi zonse zikanathyoka tsiku loyamba.

Choopsa kwambiri kwa anthu oyendetsa makinawa amachitcha quench, kutanthauza kuti kachigawo kena ka waya katenthako pang'ono chabe n'kusiya khalidwe lija, mwadzidzidzi maampu 11,000 aja akumana ndi waya wamba. Njira yotetezera inandidabwitsa nditaimva koyamba. Zipangizo zikangozindikira, mu kamphindi kochepa kuposa kuphethira, zimayatsa mahita n'kutenthetsa dala maginito onsewo kuti kutentha kugawikane thupi lonse osati kuunjikana pamalo amodzi n'kuboola, uku magetsi akuwapatutsira kwina kukawathera. Maginito atsopano amachita kuwaphunzitsa, kukweza magetsi mpaka achite quench, kuziziritsanso, kukwezanso, ulendo uliwonse amapirira kuposa poyamba chifukwa mawaya aja akukhazikika m'malo mwake.

Joini imodzi ya mu 2008

LHC inayatsidwa koyamba pa 10 September 2008, dziko lonse likuonerera. Patangopita masiku asanu ndi anayi, pa 19 September, akuyesa kukweza magetsi mu chigawo chimodzi, joini imodzi yolumikiza waya wa maginito awiri inali yosamatidwa bwino. Inatentha, inasungunuka, moto wa magetsi unadumpha ngati wa ndodo yowotcherera n'kuboola chotengera heliyamu. Heliyamu wamadzi uja atamva kutentha anasanduka mpweya nthawi imodzi ndi mphamvu yoti inazula maginito a matani 35 aja pomwe anawamangirira pansi. Matani pafupifupi 6 a heliyamu anatayika, maginito 53 anachita kuwatulutsa kumtunda kukakonza kapena kusintha, ndipo makina anadzayambanso mu November 2009, patatha chaka ndi miyezi iwiri. Palibe anavulala chifukwa magetsi akamayaka m'ngalande simukhala munthu.

Mlamu nditamuuza izi Lamulungu anangogwedeza mutu n'kuti, "Joini yozizira imeneyo, kunja kuoneka bwino mkati mulibe kanthu." Ndipo sanalakwe. Mu 2013 ndi 2014 anaimitsa makina onse n'kutsegula majoini oposa 10,000 imodzi imodzi, kuyeza, kumatanso zokayikitsa ndi kuwonjezera tizitsulo tina pambali kuti magetsi akhale ndi njira yachiwiri. Ntchito ya manja, ya anthu ogwada pansi ndi zipangizo, miyezi yambirimbiri. Anthu akamakamba za CERN amatchula a mphoto ya Nobel, koma antchito ake ambiri ndi mainjiniya ndi amisiri, a magetsi, a mapaipi, owotcherera, oyeza malo, a makompyuta.

Paipi yopanda mpweya, ndi kotayira

Mapulotoni amayenda mu paipi yochepa, masentimita ochepa chabe m'mimba mwake, ndipo mkatimo amachotsamo mpweya mpaka kutsala wochepa ngati wa pamwezi. Akanausiya mapulotoni bwenzi akugundana ndi mpweyawo n'kuthera panjira, ngati kuyesa kuthamanga pakati pa msika wa Lizulu tsiku la msika. Kabowo kosaoneka ndi maso pa joini imodzi n'kokwanira kuononga zonse.

Nanga akafuna kuzimitsa amatani? Pulotoni imodzi mphamvu yake ndi yochepa, ngati ya udzudzu ungapo ukuuluka, koma mzere wonse pamodzi umasunga mphamvu yofanana ndi mayunitsi pafupifupi 100 a magetsi ogula aja. Mayunitsi 100 pakhomo amatha masabata, koma apa akhoza kutuluka onse mu nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi, pa malo ochepa ngati nsonga ya singano. Zikufanana ndi mathiraki 30 odzaza akuthamanga makilomita 100 pa ola. Mzere umenewo ukaphonya njira ungaboole chitsulo. Nde m'mbali mwa mphete monse muli tizipangizo masauzande angapo tonunkhiza ngati mapulotoni ayamba kutayikira kumbali, tikangoona zachilendo kompyuta siifunsa munthu, imalamula maginito ena othamanga kwambiri kuti akankhire mzere wonse mu kanjira kapambali kokathera pa chimpukutu cha graphite, chinthu chomwe chija chili mkati mwa pensulo, chotalika mamita pafupifupi 8 chokutidwa ndi chitsulo ndi konkire. Mu mzere uja amasiya dala mpata wopanda kagulu kalikonse kuti maginito okankhawo apeze nthawi yodzuka, monga munthu wodutsa msewu amadikirira mpata pakati pa magalimoto.

Zonsezi amaziyang'anira mu chipinda chimodzi ku Prévessin mbali ya France, anthu akusinthana usana ndi usiku. Kudzaza mphete, kukweza mphamvu kwa mphindi pafupifupi 20, kupanikiza mzere, kuombanitsa kwa maola khumi kapena kuposa mpaka mapulotoni achepe, kutaya otsala, kuyambanso.

Magetsi, likongwe, mwezi ndi sitima

Zonse zikamayenda CERN imadya magetsi pafupifupi mamegawati 200. Kuti muone kukula kwake, sola ya ku Golomoti konkuno ku Dedza ndi ya mamegawati 20, nde mufunika ma Golomoti khumi dzuwa lili paliwombo. Kapichira yomwe itaonongeka ndi namondwe Ana mu January 2022 tinakhala mumdima miyezi yambiri ija ndi ya pafupifupi 130. Magetsi ambiri sapita kokankha mapulotoni ayi, amapita ku mafuliji, mapampu, maginito a makina akale aja ndi zoziziritsa. Ndipo sakufunika ambiri chabe, akufunika okhazikika, kungophethira pang'ono mzere watayidwa ndipo maola angapo apita.

Mu April 2016 kanyama kofanana ndi likongwe kanalowa pa thiransifoma ya mavoti 66,000 n'kuchititsa shoti, LHC inaima masiku angapo. Makina omwe anali mu ngalande yomweyo kale, otchedwa LEP, anawasautsa ndi zina zodabwitsa. Miyeso inkasinthasintha kawiri pa tsiku, atafufuza anapeza kuti ndi mwezi, umakoka nthaka monga umakokera madzi a m'nyanja zazikulu ndipo mphete ya makilomita 27 imasintha ndi milimita imodzi, yokwanira kuti makina amve. Kusintha kwina kunkabwera pa maola omweomwewo tsiku lililonse, mpaka mu 1995 anazindikira kuti ndi magetsi otayikira m'nthaka kuchokera ku njanji za sitima zamagetsi zodutsa pafupi.

Nanga za khomo la kudziko lina zija?

Mantha amenewa sanayambire kwathu kuno, ngakhale ku Ulaya ndi ku America anthu ena ankaopa makinawa asanayatsidwe, ena mpaka anapita kukhoti. Yankho lomwe asayansi anapereka mu 2008 ndi loti kuchokera mlengalenga mumagwa tizidutswa tothamanga kuposa ta LHC, timamenya mpweya wa pamwamba pathu tsiku ndi tsiku kuyambira kalekale, pa phiri la Dedza pomwepa, ndipo dziko likadalipo. Chiboliboli cha pa CERN chomwe mavidiyo amakonda kuonetsa ndi cha Shiva, mulungu wa Ahindu, mphatso yomwe boma la India linapereka mu 2004. Dzina loti kachidutswa ka Mulungu, lomwe ena amatchulira Higgs boson ija, linachokera pa mutu wa buku lina la mu 1993, ndipo Higgs mwini wake sankalikonda. Pa za nyengo, mzere uja uli mu paipi yotsekeka mamita 100 pansi pa mwala, sukhudzana ndi mitambo.

Mkangano womwe ulipodi pakati pa akatswiri ndi wa ndalama. Panopa ntchito ili m'manja ndi yokonzanso LHC kuti izitha kuombanitsa mapulotoni ochuluka kwambiri, ndi maginito atsopano a niobium ndi tini, ndipo pali ganizo lokumba mphete ina ya makilomita pafupifupi 91. Ena akuti popanda imeneyo mafunso akuluakulu okhudza chilengedwe sadzayankhidwa, amakumbutsanso kuti World Wide Web yomwe tikuwerengerapo izi inabadwira ku CERN mu 1989 m'manja mwa Tim Berners-Lee. Ena akuti mabiliyoni amenewo angathandize kwambiri pa kafukufuku wina ndi mavuto ena a anthu. Onsewo ndi anthu odziwa zinthu.

Pomwe zimatikhudza ife

Ambiri a ife tili ndi m'bale amene anadwala khansa n'kuuzidwa kuti akufunika kuwotchedwa ndi cheza, ndipo kwa zaka zambiri zimenezo zinkatanthauza ulendo wa ku Tanzania, Zambia kapena India kwa amene anali ndi mwayi. Makina ambiri owotchera khansa masiku ano amatchedwa linac, ndipo ndi mwana wa banja lomweli. Mkati mwake muli paipi yaifupi yopanda mpweya, maelekitironi amakankhidwa mwa katungwe muja ndi mafunde a mtundu wa mu mayikulowevu yotenthetsera chakudya koma amphamvu kutalitali, amamenya kachitsulo ka tungsten, cheza chotuluka n'kulunjikitsidwa pa chotupa. Chipinda chake makoma ake ndi a konkire wokhuthala kuposa mita imodzi.

Ndipo mavuto ake ndi omwe aja a ku Geneva, kungoti ang'onoang'ono. Amafuna magetsi osaphethira, madzi ozizira oyenda nthawi zonse, paipi yosalowa mpweya, ndi munthu woyeza m'mawa uliwonse odwala asanalowe ngati cheza chikutuluka mlingo wake. Magetsi akamazimazima pampu yochotsa mpweya imavutika ndi zipangizo zina zimapsa, sipeya ikachedwa kuchokera kunja odwala omwe amayenera kubwera tsiku lililonse kwa masabata angapo amadukiza, pomwe chotupa sichidikira. Pali makina ena akale a cobalt omwe amapirira magetsi ovuta chifukwa cheza chake chimachokera mu chitsulo chenichenicho, koma mphamvu yake imatsika ndi theka zaka zisanu zilizonse, sichizimitsika, ndipo chimafuna chitetezo chokhwima. N'chifukwa chake akatswiri a ku CERN pamodzi ndi madokotala a mayiko a mu Africa akhala akugwira ntchito yotchedwa STELLA, kufuna kupanga linac yopirira kutentha, fumbi ndi magetsi osakhazikika, yosavutanso kukonza. Ku South Africa pafupi ndi Cape Town kuli iThemba LABS, komwe makina awo ozungulira amapanga mankhwala a cheza ogwiritsa ntchito m'zipatala pofufuza matenda, ndipo ophunzira a mayiko a kuno amakaphunzirako.

Mlamu anandifunsa komaliza kuti maginito amodzi a LHC akafa amatenga masiku angati kusintha. Kumasula ndi kuwotcherera kwenikweniko si kochedwa kwambiri, chochedwetsa n'choti munthu sangagwire chitsulo cha madigiri 271 kunsi kwa ziro, nde ayambe atenthetsa chigawo chonse cha makilomita oposa 3 kwa masabata angapo, adule mapaipi, atulutse matani 35 aja pa ngolo yake mu ngalande yopapatiza, alowetse ena, amate majoini, ayeze ngati palibe podontha, achotsemo mpweya, kenako aziziritsenso masabata ena. Zonse pamodzi ndi miyezi. Iye anangoti akufuna aone chithunzi cha joini ya 2008 ija, nde ndamutumizira pa WhatsApp usiku uno.